Mapu Akale a Mapiri a Black Hills

M'chaka cha 1868, pa pangano la ku Fort Laramie, boma la America linavomera kuti mapiri a Black Hills ndi a mtundu wa Lakota. Koma mu 1874 ulendo wa asilikali wotsogozedwa ndi Custer unapezamo golide, ndipo mu 1877 dzikolo linalandidwa. Mapu osindikizidwa pambuyo pake anaonetsa migodi, misewu ya ngolo, mudzi wa Deadwood ndi mabusa a ng'ombe. Lero okonda zakale amawagula, nawasunga ngati chuma. Komatu mphunzitsi woonetsa ana mapu otere ayenera kuwafunsa kumene kunapita eni dziko, pakuti wojambula mapu amalemba zimene afuna iye womlipira, nasiya zina.