Ozimitsa Moto: Kuchokera ku Edinburgh Kufikira ku Chisi

Chilimwe chikafika pachimake m'mwezi wa October, munthu woima pa doko la Kachulu amaona utsi ukufuka m'madambo a nyanja ya Chilwa. Patsogolo pake pali chilumba cha Chisi, dera la Mfumu Mkumbira, kumene galimoto yozimitsira moto siingaoloke. Nanga moto ukabuka kumeneko azimitsa ndani? Funso limeneli tiliyankha poyang'ana mbiri ya ntchito yozimitsa moto.

Makolo athu sanali kuuyesa choseŵeretsa moto. Nthano ya Acheŵa ya ku Kaphirintiwa imati munthu atapeka moto tchire linayaka, nyama zinathaŵa, ndipo Chauta anakwera kumwamba. M'madera ambiri kutentha tchire kunali ndi nyengo yake, ndipo chilolezo chinkachokera kwa mfumu kapena kwa osunga kachisi wa mvula. Anthu ankalambula kuzungulira mudzi, nkhokwe ndi manda udzu usanaumitsitse. Gulu la ozimitsa moto kunalibe, koma mwana aliyense ankakula akuphunzira mwambo wa moto.

Gulu lolembedwa ntchito ndi mzinda linadza ndi moyo wa m'tauni, ndipo chiyambi chake chili kutsidya kwa nyanja. Mu 1824 mzinda wa Edinburgh, ku Scotland kwao kwa David Livingstone, unakhazikitsa gulu lotere ndi kuika James Braidwood kukhala mkulu wake. Iye anasankha amisiri a nyumba, monga omanga, akalipentala ndi ofolera madenga, poti iwo ankadziŵa mmene nyumba imagwera ikamapsa. Ankaŵachititsa maphunziro olimbitsa thupi m'bandakucha, kukanali mdima, naŵaphunzitsa kuloŵa m'nyumba ndi kuthira madzi pagwero la moto. Mu 1833 anakatsogolera ozimitsa moto a ku London, ndipo anafera pa ntchito mu 1861 khoma litamgwera. Chimene anasiya ndi chiphunzitso chakuti mphamvu ya gulu ili mwa anthu ophunzitsidwa bwino.

Kuno kwathu ntchitoyi inakula m'njira zitatu. Yoyamba ndi ya m'matauni. Zomba inali likulu la dziko kuyambira 1891 kufikira 1975, ndipo lero ndi umodzi wa mizinda inayi yokhala ndi ozimitsa moto a khonsolo, pamodzi ndi Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yoyendetsa ntchito imeneyi.

Njira yachiŵiri ndi ya nkhalango. Mitengo ya paini ya pa phiri la Zomba ndi ya ku Chikangawa inafuna alonda oyang'anira utsi, antchito olambula njira zotchinga moto, ndi alangizi ophunzira pa sukulu ya zankhalango ya ku Dedza. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo.

Njira yachitatu ndi ya mabwalo a ndege, kumene malamulo a maiko onse amafuna kuti ozimitsa moto akhale okonzeka ndege isanatere. Mu January 2019 kampani ya South African Airways inayamba yaleka kutumiza ndege ku Chileka, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kupereŵera kwa zipangizo zozimitsira moto. Moto wa pa ESCOM House ku Blantyre mu 2013, ndi wa pa nyumba yosungiramo katundu wa bungwe la zisankho ku Lilongwe mu 2014, unasonyeza kuti ngakhale pakati pa mzinda moto ungathe kupambana.

Njira zonse zitatuzi zimathera pagombe. Kuchokera ku Zomba kufika ku Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo kuyambira pamenepo ulendo ndi wa pabwato. Chikhalirecho zokopa moto ku Chilwa nzambiri: nyumba zofolera ndi udzu, ng'anjo zoŵambira mlamba ndi makumba, mafuta a injini za maboti, ndi zimbowera, timisasa ta asodzi tomangidwa pa njedza zoyandama. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inauma. M'zaka zotere njedza zouma zimayaka mtunda wautali, ndipo paja akulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Zikapsa njedza, nsomba zimasoŵa pobisala ndipo mbalame zimasoŵa poikira mazira, m'dambo limene linaloŵa m'kaundula wa pangano la Ramsar.

Pa chifukwa ichi, khonsolo ikamaŵerengera zimene yachita pa chaka, isalekere pa galimoto ndi mipope. Ifunsenso kuti ndi antchito angati amene apita ku maphunziro, ndi kangati gulu layeserera kuzimitsa moto, ndipo ndi midzi ingati imene alangizi afikako. Magulu oti alandire maphunzirowo alipo kale: makomiti a asodzi a m'madoko, makomiti a zachilengedwe, ndi makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amene chiyambi chake ndi lamulo la 1991 lodza pambuyo pa napolo wa ku Phalombe.

Zoti aphunzire nzosavuta. Moto wa petulo sathira madzi, amaukwirira ndi mchenga. Munthu amene zovala zake zagwira moto asathamange, koma agone pansi nkugubuduzika. Chilonda cha moto achithire madzi ozizira kwa mphindi 20 asanapite naye wovulalayo ku chipatala. M'nyumba yodzala utsi muyenera kukwaŵa, pakuti mpweya wabwino uli pansi. Ng'anjo yoŵambira nsomba italikirane ndi denga la udzu, ndipo kulambula kuchitike mwezi wa June usanathe.

Braidwood anayamba ndi amisiri amene anaŵapeza mumzinda mwake. Ku Chisi amisiri ake ndi asodzi, amayi oŵamba nsomba, aphunzitsi ndi mafumu, ndipo moto ukabuka ndiwo adzayamba kufika.