Makalata ndi Zombo za Amalonda pa Nkhondo ya Ufulu wa America

Pa nkhondo imene madera 13 a ku America anamenya pofuna kuchoka mu ulamuliro wa Britain (1775–1783), malonda a panyanja ankadalira chombo ndi kalata. Katundu akangochoka padoko, mwini wake ankadziwa za mitengo, ngongole ndiponso zombo zogwidwa kudzera m'makalata a abale ndi anzake a kutsidya kwa nyanja.

Kutayika kwa zombo

Asilikali a pamadzi a Britain ankalondera madoko a ku America. Chombo chogwidwa ankachitengera kubwalo la milandu ya panyanja, ndipo oweruza akagamula, chinkagulitsidwa pamodzi ndi katundu wake. Poopa kutaya chuma chonse tsiku limodzi, amalonda ankasonkherana: munthu mmodzi ankakhala ndi kagawo m'zombo zingapo. Mu March 1776, Congress, msonkhano wa nthumwi za madera aja, inalola eni zombo kuikamo mizinga ndi kulanda zombo zamalonda za Britain, ndipo ambiri anaika ndalama zawo pa ntchito imeneyi.

Chitsanzo chodziwika cha amalonda a nthawiyi ndi Robert Morris (1734–1806) wa ku Philadelphia, mnzake wa Thomas Willing pa malonda. Ankatumiza fodya ku France, n'kuitanitsa onga ndi nsalu. Ankalemberana kawirikawiri ndi William Bingham, nthumwi ya Congress, yemwe kuyambira 1776 anali pachilumba cha Martinique, ndipo m'makalata awo ntchito za boma ndi phindu lawolawo zinkayendera limodzi. Mu 1781 Morris anasankhidwa kuyang'anira chuma cha dziko.

Ulendo wa kalata

Kalata yofunika inkakoperedwa kawiri kapena katatu n'kutumizidwa pa zombo zosiyana, kuti ina ikagwidwa ina ifike. Adani akayandikira, thumba la makalata ankaliponya m'madzi kuti limire. Mu September 1780, pafupi ndi Newfoundland, thumba la Henry Laurens, nthumwi ya America, silinamire msanga ndipo amalinyero a Britain analivuula. Munali chikalata cha pangano lomwe linkakonzedwa pakati pa America ndi anthu ena a ku Amsterdam, mzinda wa ku Netherlands. Laurens anatsekeredwa m'ndende ya Tower of London, ndipo mu December Britain inalengeza nkhondo ndi dziko la Netherlands.

Makalata ambiri olandidwa m'zombo akusungidwa ku National Archives ku Kew, London. Eni ake sanawalandire, koma lero ndiwo akutiuza nkhawa za amalonda, amalinyero ndi mabanja awo.