"Stupid idiot": mawu a ba KK anachokera kutali

Mwezi wa March ndinapita ku Kavalamanja, m'mbali mwa Zambezi m'boma la Luangwa, kukajambula mawu a pulogalamu yathu ya pa wayilesi. Kumeneko amakumbukira tsiku la 6 March 1978, pamene ndege ndi asilikali a Ian Smith anawoloka kuchokera ku Rhodesia kudzaphulitsa msasa wa ZIPRA. Ya mabomba ndidzaikamba tsiku lina. Amene anandikhala m'mutu ndi agogo ena aamuna omwe, ali mkati mofotokoza za masiku amenewo, anaimika chala m'mwamba n'kukweza mawu ngati ba Kaunda: "Stupid idiot!" Tonse tinafa nalo phwete. Chingelezi agogowa sachidziwa, koma mawu awiriwa awasunga zaka zoposa 40.

Inu amene munabadwa ba KK atachoka kale pampando mu 1991, dziwani kuti akakwiya pamsonkhano wa atolankhani ndiwo mawu amene ankawaponyera amene awakwiyitsa. Ife ana tinkaona ngati ndi kutukwana kumodzi kobwerezedwa kawiri. Koma ayi, mawu awiriwa anabadwira kosiyana.

Stupid anachokera ku liwu la Chilatini lakuti stupere, kuuma thupi ngati munthu amene mphezi yagwa pafupi naye. Idiot ndi wa Chigiriki, idiotes, ndipo poyamba sikunali kutukwana kwenikweni: anali munthu wamba, wopanda udindo, wongosamala zapakhomo pake. Fool ndiye amandiseketsa. Muzu wake ndi follis, mvukuto wa wosula zitsulo, chikopa chodzaza mpweya. Silly nayenso kalekale ankatanthauza wodala.

Zinthu zinaipa madokotala atalowererapo. Mu 1910 Henry Goddard, wa pa sukulu ina ku Vineland, New Jersey, anapanga liwu latsopano lakuti moron, n'kusanja anthu olumala m'maganizo pamakwerero atatu. Amene nzeru zake ankati zikufanana ndi za mwana wosapitirira zaka 2 anamutcha idiot, wa zaka 3 mpaka 7 imbecile, wa zaka 8 mpaka 12 moron. Sanali mawu a m'bawa amenewa, ankalembedwa pa fayilo ya munthu ndipo ankamutsata moyo wonse. Mu 1927 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa Buck v. Bell, linalola boma kutseka kubereka anthu otchedwa mayina amenewa, ngakhale iwo asakufuna.

Mwina mukuti za ku America zimenezo, ife zitikhudza chani? Lamulo la Mental Disorders la mu 1949, la nthawi ya Northern Rhodesia, linali ndi mawu omwewa, idiot ndi imbecile, monga magulu a anthu. Tinalandira ufulu mu 1964, lamulo linatsala. Ndiye kuti pamene ba KK ankakalipa pa wayilesi, liwu lachiwiri lija linali dzina la boma la mwana wa munthu wina wogona ku Chainama. Linakhalabe m'mabuku mpaka anthu atatu amene anadwalapo matenda a maganizo anapita nalo ku High Court mu Lusaka, ndipo mu 2017 khoti linagamula kuti gawo lokhala ndi mawu onyozawa likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Lamulo latsopano la Mental Health linabwera mu 2019. Zaka 70 zathunthu!

Chimene chimandiwawa ndi chakuti chilankhulo chathu chinali kale ndi malire ake abwinobwino, ife ndife tikuwafufuta. Mbuli ndi amene sanauzidwe. Mukamuphunzitsa umbuli umatha. Wopusa ndi amene amanamizika msanga, wogula foni m'tauni kukapeza kunyumba kuti m'bokosi muli sopo. Chitsiru ndiye chinauzidwa, chinamva, koma chikupitabe komweko. Chipuba tinabwereka kwa anzathu a Chibemba, ndipo m'makomboni chimagwira ntchito zonse zitatu. Wamisala ali payekha: amenewo ndi matenda, ndipo makolo sankawasakaniza ndi uchitsiru. Manje pa Facebook onsewa tawathira mumphika umodzi. Munthu akalakwitsa sipelo ndi idiot, akasapota timu ina ndi wa ku Chainama.

Ineyo pa pulogalamu yanga, woimba foni akati mnzake ndi wopusa ndimamusiya apitirize, ngakhale ena amati ndimalekerera. Akangoti imbecile kapena Chainama ndimadula, chifukwa ndikudziwa kuti penapake akumvera mayi amene mwana wake amamwa mankhwala a kumeneko.

Tisanakwere galimoto kubwerera ku boma ndinawafunsa agogo aja kuti, "Ambuya, nanga mawu a ba KK aja m'chilankhulo chathu mungawamasulire bwanji?" Anayamba akanda kumutu, n'kuloza tsidya la mtsinje kumene kunachokera ndege zija. Anati Smith sanali mbuli, pakuti sukulu anapita, ndipo sanali wamisala. Anali chitsiru basi, chifukwa anauzidwa ndi dziko lonse koma sanamve.