Hawa, Hava ndi Eva: dzina limodzi pa Chinakanaka

Pamsika wa Chinakanaka ku Mulanje, muitane mokweza kuti "Hawa!" Atembenuka mtsikana wa mpango kumutu, woswali kumzikiti. Muitanenso kuti "Eva!" ayankha wina woimba kwaya kutchalitchi. Awiriwa ali ndi dzina limodzi, kungoti linafika kuno podzera njira zosiyana.

Gwero lake ndi Chihebri, chiyankhulo cha Ayuda: Chawwah, dzina la mkazi woyamba, lomwe Genesis 3:20 amalilumikiza ndi mawu akuti chai, kutanthauza wamoyo. Ayuda amene anamasulira Malemba m'Chigiriki, atafika pa vesi limeneli anangolemba Zoe, ndiye kuti Moyo. Kwina analemba Eua, ndipo Chilatini chinalandira kuti Eva kapena Heva, lomwe linatipeza ndi amishoni. Buku Lopatulika la 1922 linati Hava. Aluya amati Hawwa, ndipo dzinali linalowa kuno ndi Chisilamu, makamaka pakati pa Ayao.

Chimandiwawa ndi chakuti mayi ameneyu timamukumbukira ndi chipatso basi. Pamaliro, paukwati, ngakhale pabawo, umva wina akuti mavuto onse anabwera ndi Hava. Koma tawerengani bwino Genesis 3. Dzinali analilandira chipatso chitadyedwa kale, chilango chitanenedwa kale. Mwamuna amene wangouzidwa kumene kuti adzabwerera kufumbi akutembenukira mkazi wake n'kumutcha Moyo, mayi wa amoyo onse. Korani nayo simusenzetsa mlandu yekha. Simutchula n'komwe dzina, imangoti mkazi wa Adamu (dzina la Hawwa limapezeka m'mahadisi), ndipo mu Sura Al-A'raf onse awiri ananyengedwa, onse awiri analawa, onse awiri anapempha chikhululuko.

Nanga Adamu? M'Chihebri adam ndi munthu, munthu aliyense, ndipo m'mitu yoyambirira ya Genesis mawuwa kawirikawiri amangotanthauza munthuyo. Pafupi nawo pali adamah, nthaka yolimapo. Genesis 2:7 amawaika awiriwa pamodzi mwadala: adam wachokera ku adamah. Palinso adom, kufiira. Wa ku Mulanje safuna mphunzitsi pamenepa, chifukwa katondo amam'dziwa: amamata ku makasu dzinja likafika, amafiiritsa zidendene za othyola tiyi, ndiye amene timaumbira njerwa. Ngakhale mneni wa pa vesilo, yatsar, ndi wa woumba mbiya, kukanya ndi manja mpaka chinthu chioneke. Korani imanenanso za tin, dongo. Aswahili anatenga kwa Aluya mawu akuti bin Adam, mwana wa Adamu, n'kupanga binadamu, ndiye munthu kwa iwo.

Pali liwu lina lomwe amuna a kuno amalikonda: "nthiti yanga." Lachokera pa tsela wa Chihebri. Omasulira anasankha nthiti, koma tsela yemweyo m'buku la Eksodo amatanthauza mbali, monga mbali ya likasa kapena ya chihema. Aphunzitsi ena akale a Chiyuda ankaphunzitsa kuti chimene chinachotsedwa ndi mbali yathunthu ya munthu woyamba. Ine ndimaona kuti kumva kumeneku n'kolemera kuposa ka fupa kamodzi, ndipo mwamuna wotcha mkazi wake nthiti azidziwa kuti akunena za theka la thupi lake.

Nkhani ya kulengedwa kwa mkaziyo ikamatha pa Genesis 2:24, amene akusiya bambo ndi mayi ake ndi mwamuna, kupita kukaphatikana ndi mkazi. Kwa anthu amene mkazi ndiye amasamukira kwa mwamuna, vesili limafuna kulimasulira. M'midzi yozungulira Chinakanaka, pakati pa Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao, mnyamata amanyamuladi katundu wake, ankhoswe atagwirizana, n'kukamanga nyumba pamalo a apongozi ake. Timati chikamwini.