Sewero Litatuluka Pageti la Koleji

Mwezi wathawu, dzuwa litapendeka, pabenchi panga pa Mitundu panafika ana atatu a ku Bunda, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi. Ine ndinayamba kale kumasula thumba la nyemba, poti ana a ku koleji akabwera timadziwiratu kuti ndi nyemba, bonya kapena nyama ya soya. Koma ayi. "Mayi, tikufuna masaka akutha ndi lichero long'ambika. Ngati muli ndi sikelo yakale mutibwerekekonso." Nditafunsa kuti za chiyani, anati akukonza sewero la mlimi ndi venda wogula chimanga. Mtsikanayo anakhala pa ndowa yanga n'kutulutsa kope. Amafuna ndimuuze mmene timalankhulira tikamanenerera mtengo, mawu enieniwo, osati a m'buku.

Zimene anachita anawa zili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi yomwe ndikufuna ndikugawireni sabata ino.

Inu amene simunafikeko kuno, Bunda ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, patsinde pa phiri la Bunda, ndipo Mitundu ndiye msika wake. Inatsegulidwa chapakati pa zaka za m'ma 1960 ngati nthambi ya zaulimi ya Yunivesite ya Malawi, kufikira mu 2012 pamene inaima payokha m'dzina la LUANAR. Si sukulu ya zisudzo ayi. Kumeneko n'kwa nthaka, mbewu, ziweto ndi ulangizi. Amene ankafuna zolembalemba ndi zisudzo ankapita ku Chancellor College, yomwe inayambira ku Chichiri mu Blantyre mu 1965 n'kusamukira ku Zomba mu 1973. Choncho kuti timvetse za ana atatu aja, tiyeni tiyambe taona kumeneko.

Mu 1968 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo lopereka mphamvu ku Censorship Board, bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo. Sewero lisanaonetsedwe kwa anthu, pepala lake limayenera kuwerengedwa ndi bungweli. Patangopita zaka ziwiri, mu 1970, ophunzira ndi aphunzitsi ena a pa Chancellor anayambitsa Writers' Group. Ankakumana kamodzi pa sabata, wina n'kuwerenga ndakatulo kapena nthano yake, anzake n'kuisenda ngati chinangwa. Munali anthu monga Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande, ndi aphunzitsi ochokera kunja monga David Kerr ndi Landeg White. Mu 1971 anatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau.

Taganizani kukhala pa sukulu pomwe sukudziwa ngati mnzako wogona naye chipinda chimodzi ndi kazitape. Nanga ulemba bwanji? Anawa anaphunzira kulankhula mokuluwika. Anatenga zinthu za kwathu konkuno, bilimankhwe wosintha mtundu, mbandakucha, tambala, n'kubisamo zimene sakanatha kunena poyera. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chimene chimati chikamasamuka m'phiri chimakokolola midzi, ndipo analembanso sewero la The Rainmaker lonena za Mbona. Wowerenga wochenjera ankadziwa yekha kuti chokokolola anthu si madzi okha. Koma kubisako kunali ndi malire. Buku la Mapanje la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, kenako linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo mu September 1987 mwini wake anamangidwa. Anakhala ku Mikuyu zaka 3 ndi miyezi 7 osaonekera kubwalo la milandu, n'kutuluka mu May 1991.

Anthu amenewa ndimawavulira chipewa, kapena nditi duku. Komabe ndinene chilungamo changa: zambiri mwa zimenezi zinali m'Chingerezi. Agogo anga a ku Nathenje, amene anagula khadi la chipani mokakamizidwa kuti angolowa mumsika, sakanamvapo kanthu. Ndakatulo zinkanena za mavuto awo, koma amene ankazimva anali ophunzira anzawo ndi apolisi ofufuza basi.

Ku mbali ya zisudzo nako kunali chimodzimodzi poyamba. Gulu la Travelling Theatre la pa Chancellor linayamba cha m'ma 1970 momwemo, ndipo linkayenda makamaka m'masukulu a sekondale ndi masewero a Chingerezi. Kusintha kunadza cha m'ma 1981, pamene Chris Kamlongera ndi David Kerr anayamba kutsogolera ophunzira kupeka masewero m'zilankhulo zathu, osaloweza pepala mzere ndi mzere. Chaka chimenecho anapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, kukakhala ndi anthu, kumva zowavuta, kenako n'kukonza sewero kuchokera pa zimene amvazo. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980 anagwira ntchito ndi a zaumoyo a ku Liwonde, m'midzi ya Mwima ndi Mbela, pa nkhani za zitsime ndi ukhondo.

Apa ndi pamene pandikoka mtima. Ku Liwonde kuja sewero silinkathera kwa osewera. Likafika pamene zavuta, tinene kuti mwana wadwala chifukwa cha madzi a pachitsime chosasamalika, wosewera ankatembenukira kwa anthu n'kufunsa kuti nanga apa titani. Anthu n'kuyamba kuyankha, kutsutsana, ena mpaka kulowa m'bwalo. Mayi amene sakanayerekeza kudzudzula a mfumu pamaso ankatha kudzudzula mfumu ya m'sewero, mfumu yeniyeni ili pampando pomwepo ikumva. Mwaona nzeru yake? Ndipo sewero lopanda pepala, limene mawu ake ena akuchokera kwa oonerera, wolifufuza aligwira potani?

Anthu ophunzira analemba mabuku za njira imeneyi, n'kuitcha Theatre for Development. Koma inu a kuno ku Mitundu, ku Nathenje, kwa Chadza ndi kwa Chiseka, tandiuzani, kodi zimenezi n'zachilendo? Ife tinabadwa tikuona bwalo lopanda mpanda pakati pa wovina ndi woonera. Gule akatuluka, amayi ndife oyimba ndi kuwomba m'manja, ng'oma zikuyankha mapazi a chilombo, ana akuthawa n'kubwereranso. Popanda ife gule sakoma. Za kudambwe sindilowako, ndine munthu wamkazi ndipo ndimadziwa polekezera. Ndikunena zimene aliyense amaona ndi maso pabwalo masana.

Ndipo pabwalopo pamatuluka mbiri yonse ya dziko lino. Simoni ndi nkhope yake yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Maliya, amene anatulukira amishoni atabwera ndi chiphunzitso chawo. Galimoto imene, nayo inalowa m'gule anthu ataiona pamsewu. Chilichonse chimene chinabwera ndi mphamvu kudzatisokoneza, makolo anachitenga n'kuchivinitsa pafumbi kuti anthu achiseke, achiope pang'ono, kenako achizolowere. Amishoni a Dutch Reformed atakhazikika ku Nkhoma mu 1896, kum'mawa kwa Nathenje, analimbana ndi gule kwa zaka zambiri, Akatolika nawonso chimodzimodzi. Mwana ankayenera kusankha, sukulu kapena dambwe. Ndiye taonani mmene zinthu zimazungulirira: sukulu yomwe inkaletsa ana kuyandikira bwalo, itakula n'kukhala yunivesite, inabwerera kubwalo komweko kukafuna njira yolankhulira ndi anthu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Ife tinangoti zikomo, ngakhale tinkadziwa kale.

Sindikunena kuti ophunzira aja anaba nzeru ayi. Anabweretsa chawo: funso lolunjika, lofunsidwa masana, loti tichite chiyani ndi chitsimechi. Gule amaseka ndi kulangiza, koma sakhazika anthu pansi kuti asankhe komiti. Zinthu ziwirizi zitakumana m'pamene panatuluka kanthu.

Zitatha za chipani chimodzi, pambuyo pa kalata ya maepiskopi ya pa 8 March 1992 imene ophunzira a pa Chancellor anaiguba pamsewu kuichirikiza, ndi referendamu ya pa 14 June 1993, pakamwa panatseguka. Munthu ukanayembekeza kuti masewero a m'midzi afika patali. Ena anafikadi. Koma ambiri amene ine ndakula ndikuonera pamsika ndi a mabungwe, ndipo mukuwadziwa mmene amathera. Bambo woledzera, mayi wolira, kenako mlangizi wovala bwino amene amadziwa zonse. Uthenga anaulemba kale ku ofesi mu Lilongwe, osewera angobwera kudzautula. Akamaliza amafunsa kuti "mwaphunzirapo chiyani?", ife n'kuyankha zimene tikudziwa kuti akufuna kumva, iwo n'kujambula zithunzi, galimoto n'kuliza. Limenelo ndi funso lina, losiyana kutalitali ndi lija la ku Mwima. Loyamba limafuna maganizo ako, lachiwirili limafuna kuti ubwereze. Ngakhale kale a unduna wa zamalimidwe ankayenda m'midzi ndi magalimoto oonetsa zidole ndi kanema, anthu ankasangalala ndithu, koma chidole sungachiyankhe.

N'chifukwa chake za ana a ku Bunda aja sindinazitenge mopepuka. Amenewa mawa ndiwo alangizi, ndiwo adzakhale m'maofesi okonza za fetereza ndi mitengo ya mbewu. Ngati pa zaka zinayi za pa koleji, pakati pa mayeso, njala ya kumapeto kwa mwezi ndi kusakasaka nyumba ya lendi m'midzi yozungulira, aphunzira kukhala pa ndowa ya munthu wogulitsa nyemba n'kumufunsa, ndiye kuti aphunzira chinthu chimene mlimi adzachione m'thumba mwake.

Ndinawauza zonse, ngakhale zotichititsa manyazi amalondafe. Mmene ena amafinyira ndowa kuti iyeze mochepa pogulitsa, n'kukhala ndi ina yotukumuka pogula. Mmene mtengo umagwera mu April ndi May, mlimi akakhala kuti wakolola kumene ndipo ngongole zamuzinga, n'kudzakwera mu January pamene mlimi yemweyo akubwera kudzagula chimanga chake chomwe. Koma ndinawauzanso mbali inayo: ndalama ya thiransipoti, chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku, anankafumbwe amene amadya phindu uli mtulo, katapila amene ambirife timayambira geni. Mmodzi wa anyamata aja anati sewero lawo linali ndi venda woipa yekhayekha, ndipo akalikonzanso.

Analionetsa Loweruka lina pabwalo la mpira, ndipo ndinasiyira mng'ono wanga benchi kuti ndikaone. Mtsikana uja ndiye anali venda, atamanga chitenje m'chiuno ndi kachikwama ka ndalama pamimba, akulankhula mawu anga enieni mpaka anzanga a mumsika ankandigunda m'nthiti. Sikelo yanga yakale inali pakati pa bwalo. Pamene mlimi wa m'sewero anafuna kuvomera mtengo wotsika, bambo wina wachikulire amene anaima ndi njinga yake kumbuyo anakuwa kuti, "Iwe usagulitse! Sunga matumba awiri!" Anthu anaseka. Mnyamata wosewera mlimiyo anaima, n'kutembenuka, n'kufunsa kuti, "Nanga fizi ya mwana ndiitenga kuti, bambo?" Bambo aja anatsamiritsa njinga pamtengo n'kulowa m'bwalo. Anakangana pamenepo nthawi yaitali, amayi ena akuponyamo za banki m'khonde, wina za kugulitsa pagulu, mwakuti mathero amene anawo anakonza sitinawaone n'komwe chifukwa kunayamba kuda.

Sikelo anandibwezera Lolemba, atandikulungira m'saka lomwe lija.