Kuchokera pa chala cha Freyer kufika pa laser: mbiri ya opaleshoni ya prostate

Mu Januwale 2024 a kunyumba yachifumu ku Britain analengeza kuti Mfumu Charles III agonekedwa m'chipatala ku London chifukwa cha prostate yokula. Kuno kwathu, kaya ndi kwa Mlolo, kwa Mwangala kapena kwa Zingalume, matenda omwewa salengezedwa. Timangoona kuti atate ayamba kutuluka panja kanayi usiku umodzi, asiya kukwera basi ya ulendo wautali, ndipo pamaliro amakhala kumapeto kwa gulu, kufupi ndi tchire. Nkhani imadziwika tsiku limene mkodzo watsekeratu.

Prostate ndi kachiwalo ka amuna okha, kakukula ngati suku, kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mwamuna akapitirira zaka 50 kamayamba kukula ndi kufinya njirayo, monga muzu ufinya paipi ya madzi. Kukula kotere si khansa, komanso si chinzonono kapena likodzo, ngakhale matenda awiriwa nawonso amasokoneza mkodzo. Ndi za ukalamba basi, ndipo zimagwera m'busa ndi chidakwa mofanana.

Kwa zaka pafupifupi 2,000 thandizo lenileni linali limodzi: kulowetsa kapaipi kuti mkodzo utuluke. Mumzinda wa Pompeii, umene unakwiririka ndi phulusa la phiri m'chaka cha 79, anafukulamo timapaipi tamkuwa ta ntchito imeneyi. Ta labala yofewa tinabwera m'zaka za m'ma 1860 ndi Auguste Nélaton wa ku France, ndipo kapaipi kokhala ndi kabaluni kokagwira m'chikhodzodzo, kamene anesi athu amaika lero, anakapanga Frederic Foley wa ku America m'zaka za m'ma 1930. Tisanafike kwa Foley, madala ambiri ankadziika okha kapaipi kangapo patsiku, kosawiritsa n'komwe, ndipo chinkawapha ndi tizilombo tolowa m'chikhodzodzo ndi m'impso. Pofunafuna njira ina, madokotala anafika mpaka pothena odwala. J. William White wa ku Philadelphia ndiye analimbikitsa zimenezi mu 1893. Prostate inkafota ndithu mwa ena, koma ambiri ankafa, ndipo mchitidwewu sunakhalitse.

Amene anasintha zinthu ndi Peter Freyer, wa ku Ireland, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ku India asanakhazikike pachipatala cha St Peter's ku London. Kuyambira mu 1900 ankacheka pansi pa mchombo, kutsegula chikhodzodzo, n'kukolowola mnofu wokulawo ndi chala, ngati mmene timachotsera nthangala mu papaya. Sanali woyamba kwenikweni. Arthur McGill wa ku Leeds ndi Eugene Fuller wa ku New York anali atachita kale zofanana, ndipo panali mkangano waukulu pa nkhani ya mwini njirayo. Koma Freyer ankadziwa kulemba ndi kudzigulitsa, moti pofika 1912 anafalitsa lipoti la odwala 1,000, ndipo dzina linatsalira iye.

Pali chinthu china cha nthawi imeneyo chimene sichitchulidwa kawirikawiri, koma kwa ine ndicho chachikulu. Madokotala anazindikira kuti ambiri ofa sankafa ndi mpeni. Ankafika impso zitalema kale chifukwa cha mkodzo wobwerera m'mbuyo kwa miyezi, m'chikhodzodzo muli mafinya. Choncho anayamba kugawa ntchitoyo pawiri: choyamba kutulutsa mkodzo kwa masiku kapena milungu kuti impso zipume, kenako opaleshoni yeniyeni. Imfa zinatsika popanda chida chatsopano chilichonse. Ndiye akakuikani kapaipi kuchipatala cha boma ku Chadiza n'kukuuzani kuti mubwerenso, musafulumire kunena kuti akukuzengerezani. Nthawi zambiri akutsata phunziro la zaka zoposa 100. Kudikira kumene kuli koipa ndi kuja kokhala ndi kapaipi chaka chathunthu popanda tsiku lodziwika la opaleshoni, ndipo pamenepo banja liyenera kufunsa.

Njira yosacheka pamimba inayamba ku New York. Mu 1926 Maximilian Stern anapanga chida chodutsa m'njira ya mkodzo, chokhala ndi kawaya ka magetsi kopala prostate pang'onopang'ono, ndipo Joseph McCarthy anachikonzanso kumayambiriro kwa m'ma 1930. Iyi ndiyo TURP, imene mpaka lero njira zina zonse amaziyerekeza nayo. Laser yoyamba inayaka mu 1960 m'manja mwa Theodore Maiman ku California, koma panapita zaka zoposa 30 isanagwire bwino ntchito pa prostate. M'zaka za m'ma 1990, m'tauni ya Tauranga ku New Zealand, Peter Gilling ndi Mark Fraundorfer anayambitsa njira yotchedwa HoLEP. Chosangalatsa n'chakuti HoLEP imachita zomwe chala cha Freyer chinkachita, kukolowola mnofu wonse, kungoti imadzera m'njira ya mkodzo ndipo imatseka mitsempha ya magazi pamene ikudula. Njira ina, ya GreenLight, imangowotcha mnofuwo n'kuusandutsa nthunzi. Kusiyana kumeneku n'kofunika kufunsa: pa HoLEP mnofu umatumizidwa kulabu kukayezedwa khansa, pa GreenLight sipatsala chotumiza.

Kuno kum'mawa mbiri yonseyi ikukhala pamodzi, zakale ndi zatsopano. Chipatala cha St Francis ku Katete chinayamba mu 1948, ndipo Dr James Cairns, amene anafika mu 1958, anachitumikira pafupifupi zaka 40. Sukulu ya udokotala ya University of Zambia inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960. M'zipatala za mishoni ndi za zigawo mu Africa, njira ya Freyer ndiyo inazika mizu, chifukwa sifuna makina odula koma mpeni, ulusi, magazi osungidwa ndi dokotala wa manja odziwa. Si njira yonyozeka, ndipo prostate ikakula kwambiri imagwirabe ntchito bwino. Mtengo wake ndi bala pamimba, magazi ochuluka ndi masiku ambiri m'wodi. Ndi laser munthu amatha kutuluka patapita tsiku limodzi kapena awiri, koma makina ake ndi odula ndipo luso lake limatenga nthawi kuphunzira, n'chifukwa chake timamva za achibale opita ku Johannesburg kapena ku India. Kwa ambiri a ife ulendo ndi wa ku Katete, ku Chipata Central, mwina mpaka UTH ku Lusaka.

Kulikonse kumene atate akupita, kukonzekera sikusiyana kwenikweni. Adzayezedwa mkodzo, ndipo ngati muli tizilombo amayamba achiza zimenezo. Adzayezedwa magazi kuona impso, kuchuluka kwa magazi ndi PSA, komanso dokotala adzagwira prostate ndi chala kudzera kumbuyo, chinthu chimene madala ambiri amadana nacho koma chimatha mphindi imodzi. BP ndi shuga ziyenera kukhala m'malo. Tengani mankhwala onse amene amamwa, ndi achikuda omwe, mukawaonetse, makamaka aspirin ndi warfarin amene amachedwetsa magazi kuundana, ndipo asasiye okha asanauzidwe. Usiku woti mawa ndi opaleshoni, lamulo la nthawi yosiya kudya ndi lenileni: phala la mbandakucha loperekedwa mwachifundo lingachititse kuti dzina lichotsedwe pamndandanda wa tsikulo. Ambiri amabayidwa jakisoni wa pamsana, thupi limachita dzanzi kuyambira m'chiuno, iwo ali maso.

Nkhani imene ana sangafunse pamaso pa atate awo, atatewo afunse okha pakhale dokotala ndi amayi. Pambuyo pa TURP kapena HoLEP, mwa amuna ambiri umuna umabwerera m'chikhodzodzo m'malo motuluka. Mphamvu za m'nyumba nthawi zambiri zimakhalapo, koma kubereka kumavuta. Mkodzo wofiirira ndi kudontha pang'ono kwa masiku angapo sizachilendo, pamene kutentha thupi, magazi a mibulu kapena kutsekanso kwa mkodzo n'zobwerera nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa mwezi kapena kuposerapo khasu, njinga ndi matumba a feteleza n'zoletsedwa. Ngati tsiku la opaleshoni lagwera mu Novembala kapena Disembala, banja ligwirizane msanga amene adzagwire munda wa chimanga ndi wa nshawa.