Mbiri ya Malaibulale m'Sukulu za Pulayimale Kuno ku Mangalande

Ambiri mwa ife tinafika ku Leicester tikukhulupirira kuti sukulu iliyonse ya kuno ili ndi chipinda chodzaza ndi mabuku. Zoona zake n'zakuti m'dziko la Mangalande mulibe lamulo lokakamiza sukulu ya pulayimale kukhala ndi laibulale. Malamulo oyendetsera ndende a chaka cha 1999 amanena kuti ndende iliyonse ikhale ndi laibulale, pamene sukulu inasiyidwa kuti idzionere yokha. Kuti timvetse chomwe chinachititsa zimenezi, tiyenera kubwerera m'mbuyo.

Mzinda wathu uno unayamba kalekale kusunga mabuku. M'chaka cha 1632 akuluakulu a mzinda anakhazikitsa laibulale ku Guildhall, imodzi mwa zakale kwambiri m'dziko muno, koma mabuku ake ambiri anali a zachipembedzo, owerenga abusa ndi anthu ophunzira. Lamulo la 1850 linaloleza makhonsolo kutolera kamsonkho koyendetsera malaibulale aulere. Ngakhale zinali choncho, nthawi zambiri ankadalirabe anthu akufuna kwabwino. Laibulale ya mu Bishop Street, imene inatsegulidwa mu 1905, inamangidwa ndi ndalama za mpondamatiki Andrew Carnegie. Ku Nottingham nako, m'zaka za m'ma 1880, Samuel Morley, mwini mafakitale a masokosi, anapereka £500 kuti ana akhale ndi laibulale yawoyawo. Kuyambira pachiyambi, buku la mwana wa mmphawi linali mphatso.

Nanga m'sukulu zinali bwanji? Lamulo la maphunziro la 1870 linabweretsa sukulu zomangidwa ndi msonkho, ndipo mu 1880 kupita kusukulu kunakhala kokakamiza. Komabe malamulo amenewa, kuphatikizapo lalikulu lija la 1944, sanalamule kuti sukulu ikhale ndi laibulale. Lamulo la 1964 linakakamiza makhonsolo kuyendetsa malaibulale a anthu onse, koma silinafike pakhomo la sukulu. Chimene chinkapulumutsa ana ndi nthambi za makhonsolo zobwereketsa mabuku ku sukulu. Mabokosi a mabuku ankabwera, n'kudzasinthidwa ndi ena, ndipo khonsolo ndiyo inkalipira.

Zinthu zinayamba kusintha ndi lamulo la Education Reform Act la 1988, limene linachotsa ndalama zambiri m'manja mwa makhonsolo n'kuzipereka kwa mahedimasitala ndi makomiti a sukulu. Pang'ono ndi pang'ono, sukulu zinayamba kugula chithandizo chimene kale zinkalandira ulere. Thumba likaperewera, hedimasitala amayamba waganizira malipiro a aphunzitsi, denga lodontha ndi zotenthetsera makalasi m'nyengo yozizira. Mabuku amadikira. Boma litachepetsa ndalama za makhonsolo kuyambira mu 2010, nthambi zobwereketsa mabuku zija zinatsekedwa m'madera ambiri. Kuno ku Leicestershire, kuchokera mu 2014, khonsolo inakonza zopereka malaibulale ang'onoang'ono oposa 30 m'manja mwa anthu ongodzipereka.

Kukula kwa vutoli kunadziwika bwino bungwe la National Literacy Trust litagwirizana ndi kampani yosindikiza mabuku ya Penguin Random House mu 2021 kuti amenyere nkhondo malaibulale a m'sukulu. Kafukufuku wawo anapeza kuti sukulu ya pulayimale ya boma imodzi mwa 7 zilizonse inalibe laibulale, ndipo m'madera osauka inali imodzi mwa 4. Ana amene kwawo kulibe mabuku ndiwonso ankawasowa kusukulu. Mu Seputembala 2025, Rachel Reeves, monga nduna ya zachuma, analonjeza kuti sukulu iliyonse ya pulayimale ku Mangalande idzakhala ndi laibulale nthawi ya nyumba ya malamulo yosankhidwa mu 2024 isanathe. Sukulu zotsalira zinali pafupifupi 1,700, ndipo ndalama zake, zoposa mapaundi 10 miliyoni, n'zochokera m'maakaunti amene eni ake anawasiya osawakhudza kwa zaka zambiri.

Ife ochokera ku Malawi nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo ana angapo ankagwirira buku limodzi. Tikudziwanso chimene mashelefu ochepa angachite. William Kamkwamba, atasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, anapeza buku lofotokoza za mphamvu ya mphepo mu kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe ku Kasungu. Kuchokera m'buku limenelo anapanga makina amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake.

Lonjezo la 2025 n'losangalatsa, koma tikumbukire kuti ndi ndalama chabe, si lamulo. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mbiri yatisonyeza kuti laibulale yopanda munthu woisamalira ndiponso yopanda ndalama zogulira mabuku atsopano chaka ndi chaka imasanduka mosungiramo mipando yothyoka.

Choncho abale ndi alongo, pa tsiku lokumana ndi aphunzitsi tifunse: kodi sukulu ino ili ndi laibulale? Amaiyang'anira ndani? Kodi mwana angatengere buku kunyumba? Amene angathe, alowe m'makomiti oyendetsa sukulu monga oimira makolo, chifukwa ndi kumeneko kumene ndalama zimagawidwa. Tilembetsenso ana athu ku laibulale ya m'dera lathu, pakuti khadi yake ndi yaulere. Ndipo tikapita kumudzi kukaona abale, tibwereko ndi timabuku ta Chichewa tiwiri kapena titatu, tikapereke kusukulu, kuti mwana wathu akapeze chilankhulo cha agogo ake pa shelefu pamodzi ndi zinzake.